Ubuntu wasowa nditasinthitsa batire, laputopu ikungolowa mu Windows

wa_mijigo

Akuluakulu, ndithandizeni ndisanachite zopusa. Laputopu yanga ndi HP, ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito. Muli Windows 11 ndi Ubuntu 22.04 (mtundu wa Linux) amene anandiikira mnzanga wa kusukulu. Nthawi zonse ndikayatsa pamabwera menyu yakuda ija, n'kusankha koti ndilowe. Ntchito yanga yonse ya kafukufuku wa mijigo ili ku Ubuntu: mamapu a QGIS, manambala a GPS amene ndinatolera ndikuyenda wapansi m'midzi ya ku Dowa, ndi chaputala chachitatu chimene asupavaiza akuchidikira.

Batire linafika posasunga moto, magetsi akangothima nayonso laputopu yathima. Ndinapita nayo kwa okonza ena m'tauni, anaika batire lina. Kufika kunyumba ndayatsa, menyu ija palibe, ikungothamangira ku Windows. Wotchi nayo inali itasokonekera mpaka chaka chomwe. Mu Disk Management ndikuona C:, kagawo ka 100 MB kolembedwa EFI System Partition, ndi gawo lina la 120 GB lopanda dzina, lopanda chilembo.

Nditawaimbira okonza aja akuti ndibwerere nayo angofomata zonse, ati Linux imavuta. Ine mtima uli m'mwamba. Mafayilo anga apita kodi?

kamnyamata265

Achemwali, laputopuyo isabwererenso kumeneko, ndipo musafomate kanthu. Gawo la 120 GB lopanda chilembolo ndiye Ubuntu wanuyo. Windows siitha kuwerenga ext4, kasungidwe ka mafayilo ka Linux, n'chifukwa chake ikungolionetsa ngati mulibe chilichonse. Musalikhudze. Zimitsani, yatsaninso, nthawi yomweyo muzidina F9 mobwerezabwereza. Mukaona ubuntu pamndandanda umene ubwerewo, sankhani, mwalowa.

wa_mijigo

Zikomo achimwene. Ndadina F9. Pali Windows Boot Manager, pali ziwiri za netiweki zolembedwa IPv4 ndi IPv6, pansi penipeni pali Boot From EFI File. Dzina la ubuntu palibe. Thukuta layamba kutuluka tsopano.

mkulu_pingwini

Mtima pansi achemwali, mwatiuza zonse zofunika, makamaka za wotchiyo.

Pa makompyuta a UEFI (BIOS yamakono, pulogalamu ya pa motherboard imene imayatsa kompyuta) ngati yanuyo, GRUB, amene ndi mwini wa menyu yakuda ija, sakhala kumayambiriro kwa disiki ngati kale pa nthawi ya MBR, njira yakale yogawira disiki. Iye ndi fayilo wamba, amakhala m'kagawo ka 100 MB kaja, mu foda ya EFI\ubuntu, moyandikana ndi foda ya EFI\Microsoft. Koma mndandanda wonena kuti "yamba ndi uyu, akakanika pita kwa uyo" susungidwa pa disiki ayi, umasungidwa mu BIOS ya laputopu. Okonza aja atazula batire, BIOS inabwerera mmene inachokera ku fakitale, ndipo umboni wake ndi wotchi yosokonekerayo. Makina ena akatero amaiwala mayina amene anali pamndandanda, koma Windows amaipezabe okha chifukwa amadziwa pamene fayilo yake ya bootmgfw.efi imakhala. Chagwa ndi chikwangwani cha pamphambano basi, msewu wa ku Ubuntu ulipo.

Musanakhudze kalikonse, yambani mwalowa mu Windows, mutsegule Command Prompt ngati administrator, mulembe:

`manage-bde -status`

Ikalemba kuti Protection Off, palibe vuto. Ikalemba Protection On ndiye kuti disiki yanu ndi yokiyidwa ndi BitLocker, ndipo kusintha zinthu mu BIOS kungachititse kuti Windows ikufunseni kiyi wa manambala 48. Apa ndipamene anthu ambiri ogula malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito amalirira, chifukwa kiyiyo nthawi zina amakhala mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake woyamba, munthu amene simumudziwa n'komwe. Pakali pano Windows ikutsegukabe, ndiye mutengeni lero lomwe:

`manage-bde -protectors -get C:`

Mulembe manambalawo papepala, osati mu laputopu momwemo.

Mukatero bwererani ku F9, musankhe Boot From EFI File ija. Ikuonetsani disiki, dinani Enter, mulowe mu EFI, kenako ubuntu. Muona mafayilo angapo. Sankhani shimx64.efi, osati grubx64.efi. Chifukwa chake n'chakuti BIOS ikabwerera ku fakitale nthawi zambiri Secure Boot, chitetezo chokana mapulogalamu oyatsira opanda siginecha yodziwika, imakhala yoyaka, ndipo shim ndiye ali ndi siginecha imene Secure Boot imavomereza. Iyeyo ndi amene amaitana GRUB. Menyu yanu yakuda ibwera.

Mukalowa mu Ubuntu, chinthu choyamba si kukonza ayi. Tengani fulashi, mukopere mamapu ndi chaputala chija. Zokonzazi zibwere mafayilo ali kale m'thumba. Chaja chikhale chobaya.

Kenako tsegulani Terminal:

`sudo efibootmgr -v`

Muona mzere wa BootOrder ndi mayina onse amene BIOS ikuwadziwa. Ndikukhulupirira kuti ubuntu simumupeza. Mumubwezeretse chonchi:

`sudo grub-install --target=x86_64-efi --efi-directory=/boot/efi --bootloader-id=ubuntu`

`sudo update-grub`

Loyambalo limalembanso mafayilo a GRUB m'kagawo ka EFI ndi kuuza BIOS kuti ubuntu alipo. Likatha bwino limanena kuti No error reported. Lembaninso efibootmgr muone ngati nambala ya ubuntu ndi imene ili koyambirira kwa BootOrder. Tinene kuti ubuntu ndi Boot0002, Windows ndi Boot0000, koma Windows ndi imene ili patsogolo, mulembe `sudo efibootmgr -o 0002,0000`. Manambalawo muike anu, osati angawa.

Malaputopu ena ndi amakani, mukayatsanso amabwezera Windows patsogolo. Yanu ikatero, dinani F10 poyatsa, mupite ku Boot Options, pa OS Boot Manager dinani Enter, mukweze ubuntu pamwamba ndi F5 kapena F6, musunge ndi F10.

seva_ya_pansi

Bwanji osangogwiritsa ntchito Boot-Repair, pulogalamu yokonzera GRUB? Ine yandipulumutsapo kangapo. Umayatsa ndi fulashi ya Ubuntu, kusankha Try Ubuntu, kenako:

`sudo add-apt-repository ppa:yannubuntu/boot-repair`

`sudo apt update && sudo apt install boot-repair`

Kudina Recommended repair, kwatha. Komanso achemwali angothimitsa Secure Boot, ndi imene imabweretsa mavuto onsewa.

mkulu_pingwini

Boot-Repair ndi yabwino akulu, sindikukana, koma apa ndi kumulipiritsa munthu bandulo pachabe. Ngati alibe fulashi ya Ubuntu ayenera kudawunilodi ISO, fayilo yoikira Ubuntu, yoposa 4 GB, pomwe Ubuntu wake akutseguka ndi F9 mwaulere. Komanso anthu amakodwa pa chinthu chimodzi: fulashi yomweyo imatha kuyaka m'njira ziwiri, UEFI kapena Legacy, njira yakale. Ukayatsa mwa Legacy pa kompyuta imene Windows yake ndi ya UEFI, umakonza zolakwika, n'kutsala ndi vuto loposa loyamba. Musanadine chilichonse mu fulashimo lembani `ls /sys/firmware/efi`. Pakabwera mafoda, muli mu UEFI. Ikakana kuti kulibe, zimitsani, musankhenso fulashiyo pamzere wolembedwa UEFI.

Nthawi yake ya fulashi ndi pamene GRUB mwini wake wasochera. Mumadziwa sikirini yakuda ija yolembedwa error: no such partition, pansi pake grub rescue>. Imabwera kawirikawiri munthu akachepetsa, kusuntha kapena kufufuta gawo lina la disiki ali mu Windows, manambala a magawo n'kusintha. Ngakhale pamenepo, ngati gawo la Linux likadalipo, ungathe kulowa popanda fulashi. Umalemba `ls`, n'kuona mayina ngati (hd0,gpt1), (hd0,gpt5). Umayesa limodzilimodzi, `ls (hd0,gpt5)/boot/grub`, mpaka lina lionetse mafayilo. Ukalipeza:

`set root=(hd0,gpt5)`

`set prefix=(hd0,gpt5)/boot/grub`

`insmod normal`

`normal`

Menyu imabwera, ndipo ukalowa umachita grub-install yomwe ija kuti zikhazikike, apo ayi ukazimitsa ubwereranso pomwepo.

Za Secure Boot sindikugwirizana nanu. Ubuntu amayenda bwinobwino Secure Boot ili yoyaka, ndipo kuithimitsa mwachisawawa ndi kumene kumadzutsa BitLocker. Pamene ndingauze munthu kuti aithimitse kwakanthawi ndi akaona uthenga wakuti Verifying shim SBAT data failed: Security Policy Violation. Umenewu unavutitsa anthu ambiri a dual-boot mu Ogasiti 2024, update ya Windows itayamba kukana ma shim akale. Mankhwala ake anali kuthimitsa Secure Boot, kulowa mu Linux, kulemba `sudo mokutil --set-sbat-policy delete`, kuyatsanso, kuchita update kuti shim akhale watsopano, kenako n'kuyatsanso Secure Boot. Koma achemwaliwa sanaone uthenga umenewo, ndiye tisawapatse mankhwala a matenda a wina.

wa_mijigo

Ayi ndithu, Mulungu akudalitseni nonse! BitLocker inali Protection Off. Ndalowa pa shimx64.efi paja, Ubuntu watseguka, zonse zili momwe ndinazisiyira, ngakhale mapu amene ndinali ndisanamalize kuika mitundu. Ndakopera mu fulashi, chaputala ndadzitumiziranso pa imelo. grub-install yanena No error reported, ndipo tsopano ndikayatsa ikulowa mu Ubuntu yokha.

Koma mwina ndalakwitsa penapake, chifukwa tsopano Windows ndiye ikusowa pa menyu, ndikumailowera pa F9. Chinanso, ndikatsegula C: ndili mu Ubuntu ndikutha kuona mafayilo koma ikukana kuti ndisungemo kanthu. Ndipo wotchi ya ku Windows ikumatsalira ndi maola awiri ndikachokera ku Ubuntu. Izi zimachitika kuyambira kale, ndinangozolowera kuikonza pamanja.

kamnyamata265

Za maola awirizo ngakhale ine zinandizunguza mutu chaka chathunthu, ndimayesa laputopu ndi yolodzedwa.

mkulu_pingwini

Simunalakwitse achemwali. Kapulogalamu kamene kamafufuza Windows pa disiki n'kuiika pa menyu dzina lake ndi os-prober, ndipo kuyambira GRUB 2.06 kamabwera kothimitsa pokhapokha mutakayatsa nokha. Lembani `sudo nano /etc/default/grub`, pansi penipeni muwonjezere mzere uwu:

`GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false`

Muli momwemo onani mizere ina iwiri. GRUB_TIMEOUT_STYLE ikakhala hidden isintheni ikhale menu, ndipo GRUB_TIMEOUT ikakhala 0 ikani 10, kuti menyu izikudikirani masekondi khumi. Sungani ndi Ctrl+O, Enter, tulukani ndi Ctrl+X, kenako `sudo update-grub`. Muwerenge zimene ikulemba, payenera kuoneka mzere umene ukuyamba ndi mawu akuti Found Windows Boot Manager. Ukapanda kuoneka, ikani kapulogalamuko ndi `sudo apt install os-prober` n'kubwerezanso.

Za C: yokana kusunga, wolakwa ndi Fast Startup. Kuyambira pa Windows 8, mukadina Shut down Windows siizima kwenikweni, imangogona n'kusiya disiki ili yotsegula mbali yake. Ubuntu akaona choncho amakana kulembamo kuti asaononge mafayilo anu, ndipo akuchita bwino. Musamukakamize. Pitani ku Windows, Command Prompt ngati administrator, `powercfg /h off`, muzimitse bwinobwino. Lamulo limeneli limachotsanso Hibernate, ndiye ngati mumaigwiritsa ntchito, pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, muchotse chizindikiro pa Turn on fast startup pokha.

Wotchiyo si ufiti achimwene. Ubuntu amasunga nthawi ya UTC pa wotchi ya mu BIOS n'kuwonjezera yekha maola a dera lanu, pomwe Windows imatenga zimene yapeza mu BIOS ngati nthawi ya komweko. Ife kuno tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ndiwo mukuwaona akusowawo. Njira yachidule ndi kuuza Ubuntu kuti atsatire Windows:

`timedatectl set-local-rtc 1 --adjust-system-clock`

Ikuchenjezani za mayiko amene amasintha nthawi chilimwe ndi chisanu, ife sitisintha, ndiye musade nazo nkhawa. Kenako mukonze wotchi ya ku Windows kamodzi komaliza.

Koma mukadzaona kuti chaka chasokonekeranso laputopu itakhala nthawi osayatsidwa, ndipo menyu yasowanso, mwina kabatire kakang'ono ka pa motherboard katha mphamvu, ngati yanuyo ili nako. Kasinthitseni, ndipo mukawauze okonzawo kuti asinthe kokhako, disiki asaikhudze.