Inshuwalansi ya zaumoyo pa viza yokakhala ndi amuna anga ku Germany

NaNgozo wa ku Bembeke:
Abale, ndithandizeni maganizo. Bambo a Chisomo akugwira ntchito ku Hannover, ndipo tikukonza mapepala oti ine ndi mwana tiwatsatire. Mayeso a Chijeremani a A1 ndakhoza, mtchatho wa ukwati ulipo. Chandiimitsa mutu ndi inshuwalansi. Wina ku Lilongwe wandiuza kuti ndingogula ya apaulendo ija ya 30,000 euro, basi. Koma ine sindikupita kukacheza, ndikukakhala. Ndili ndi khadi la MASM, komanso ndimamwa mankhwala a BP tsiku lililonse. Kodi zimenezi zikwanira?

Mayi a Tadala, kwathu ku Lizulu:
Achemwali, ya 30,000 euro ija ndi lamulo la viza ya Schengen, ya masiku osapitirira 90. Yanu ndi ina, ndipo khadi la kumudzi musalidalire pa nkhaniyi. Choyamba afunseni bambo a Chisomo kuti ali pa inshuwalansi yanji. Ngati ali pa ya boma, monga AOK kapena TK, inu ndi mwana mutha kulowa pa dzina lawo osawonjezera ndalama, malinga ngati inuyo simukulandira malipiro ambiri. Amaitcha Familienversicherung. Iwo apite ku inshuwalansi yawoyo akapemphe kalata yonena kuti idzakulembetsani mukafika, akutumizireni. Kalatayo muiphatikize ndi mapepala ena ku ofesi ya kazembe. Ya apaulendo mugulebe, koma ntchito yake ndi yongotseka mpata wa masabata oyamba, musanalembetsedwe kumeneko. Mukapitanso kukatenga chilolezo chokhalira m'dzikomo, adzafunanso umboni wa inshuwalansi yeniyeniyo.
Ngati ali pa ya makampani omwe si a boma, aliyense amalipiriridwa payekha, ngakhale mwana. Pamenepo ndiye mukhale pansi muwerengere bwino.

A Jere a ku Tsangano:
Kuno ku UK n'zosiyana. Kuyambira February 2024 wamkulu amalipira ndalama ya zaumoyo ya mapaundi 1,035 pa chaka, mwana 776, ndipo ndalama ya zaka zonse za vizayo imaperekedwa kamodzi popempha. Ndangonena kuti wina asasokoneze mayiko awiriwa.

Mayi a Tadala:
Za BP ndinaiwala. Inshuwalansi zambiri za apaulendo sizilipira matenda amene munthu anali nawo kale, ndiye muwerenge mzere uliwonse musanasaine. Ya boma ija siyikana munthu chifukwa cha BP kapena shuga. Tengani mankhwala okwanira miyezi iwiri kapena itatu, ndi kalata ya dokotala yolemba dzina la mankhwalawo.

NaNgozo wa ku Bembeke:
Zikomo kwambiri mayi. Ndawaimbira, akuti ali pa AOK ndipo Lolemba akapempha kalatayo. Nanga ya apaulendoyo mwana amaguliridwa yakeyake, kapena timakhala pa pepala limodzi?