Graphics card yakana kugwira ntchito nditaika Ubuntu, ndithandizeni

Abale anga odziwa za makompyuta, ndagwira njakata. Sabata yatha ndinachotsa Windows 10 pa kompyuta yanga ya pa desiki n'kuikapo Ubuntu 24.04. Zina zonse zikuyenda bwino, koma graphics card yanga, NVIDIA GTX 1650 ya 4GB, ili ngati kulibe. Sikirini yakakamira pa 1024x768, zilembo zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu.

Ndikalemba lspci (lamulo loonetsa zipangizo za m'kompyuta) pa terminal, khadiyo ikuoneka ndithu, ndiye kuti sinafe. Ndinalowa mu Additional Drivers n'kusankha dalaivala ya NVIDIA m'malo mwa nouveau, dalaivala imene imabwera kale ndi Ubuntu. Ili mkati mokhazikitsa, inandipempha kuti ndilembe pasiwedi ya Secure Boot (chitetezo choletsa mapulogalamu osavomerezeka poyatsa kompyuta), ndipo ndinalemba. Poyambitsanso kompyuta kunabwera sikirini ya buluu yonena za MOK, kiyi yofunika kulembetsa kuti Secure Boot ivomereze dalaivalayo. Pamenepo mtima unagunda, ndinadina Continue boot m'malo mwa Enroll MOK. Kuchokera tsiku limenelo, nvidia-smi (pulogalamu yoonera mmene khadi ya NVIDIA ikuyendera) ikungonena kuti ikulephera kulumikizana ndi dalaivala.

Kodi kulumpha kwanga sikirini ijayo ndiye kwadzetsa zonsezi? Nanga ndingaibweretsenso bwanji kuti ndilembetse kiyi ija? Kapena ndingozimitsa Secure Boot mu BIOS basi, ndipo kutero kuli ndi chiopsezo chotani?

Ndili ndi kanema wa ukwati woti ndimalize kukonza pa Kdenlive pofika Loweruka, eni ake akundidikira. Bandulo ya intaneti nayo yatsala pang'ono, choncho sindikufuna kutsitsanso zinthu zikuluzikulu mwachimbulimbuli. Amene munadutsamo kale, chonde ndilozereni njira.