Pu-erh wokhalitsa akununkha chinyontho: wawonongeka?

Mayi wa ku Senga Bay:
Abale, ndili ndi chimbale cha tiyi wa pu-erh (masamba opanikizidwa pamodzi, osungidwa zaka kuti akhwime), mtundu wa sheng (wosiyidwa kukhwima wokha pang'onopang'ono), cha magalamu 357, chochokera ku Yunnan, chigawo cha ku China. Papepala palembedwa 7542. Ndikapanga amatuluka wofiirira bwino, koma fungo lake lili ngati la m'nyumba yomwe yakhala yotseka dzinja lonse, ndipo akuwawa. Wawonongeka, kapena vuto ndi kapangidwe? Nanga kuno kunyanja asungidwe bwanji?

Katswe wa pa Kamuzu Road:
Amayi, musanamwenso, chivundukuleni chimbalecho pabwalo dzuwa likuwala. Mukaona chuku chaubweya, chobiriwira kapena chakuda, tayani basi, madzi owira sangachikonze. Ngati chuku palibe, fungolo ndi la kumene anasungidwa. Tiyi wokhalira ku Hong Kong kapena ku Guangdong, kum'mwera kwa China, kwachinyontho, amakhwima msanga ndipo amabwera ndi fungo limeneli. Wa ku Kunming, mzinda wa ku Yunnan, kouma, sanunkha choncho koma amachedwa kufewa. Benthulani magalamu 50, ikani mu kamphika kadothi katsopano, phimbani ndi nsalu, mudikire masabata awiri. Fungo lambiri lichoka lokha.

Nachisale:
Zowawazo ndikukayikira kapangidwe, achemwali. Ameneyu saphikidwa pamoto ngati wa ku Thyolo, ndipo mkaka ndi shuga zimamupha.

Lowetsani kampeni kopyapyala m'mbali mwa chimbale, muzitukula pang'onopang'ono kuti masamba achoke athunthu. Ofumbutuka ndi amene amawawitsa. Magalamu 6 akwanira kambiya ka mamililita 100. Thirani madzi ongowira kumene, khuthulani pakatha masekondi 10, amenewo mutaye. Wokhalitsa mumutsuke choncho kawiri. Kenako viikani masekondi 10, khuthulani onse mpaka dontho lomaliza, chifukwa otsalira amapitiriza kukoka kuwawa. Muziwonjezera nthawi pang'ono ulendo uliwonse, masamba omwewo afika kakhumi.

Kapu yachitatu ndi yachinayi ndi zimene zimanena zoona. Mezani, mudikire kaye. Wabwino amawawa pang'ono, kenako kummero kumatsekemera, malovu n'kudzadza m'kamwa, ndipo m'kapu yopanda kanthu mumatsala kafungo ka thabwa lakale kapena ka zipatso zouma. Ngati kummero kukuuma kapena kuthina, ameneyo anasungidwa molakwika. Tolaninso tsamba limodzi lonyowa, mulikoke ndi zala. Liyenera kukhala lofewa koma lolimba, osati lophwanyika ngati phala.

Madzi nawo musawaiwale. A m'mijigo ina ya kuno ali ndi mchere, amaphimba kukoma. Yerekezani ndi a m'botolo.

Katswe wa pa Kamuzu Road:
Za manambala aja a 7542: 75 akuimira 1975, chaka chimene kasakanizidwe ka masambako kanayamba, osati chaka cha chimbale chanu. 4 ndi giledi ya masamba, 2 ndi fakitale ya Menghai. Mapepala amenewa anthu amakopera kwambiri, ndiye khulupirirani lilime.

Mjomba wa ku Nkhotakota:
Za kamphika kadothi ndikutsutsa pang'ono, achimwene. M'chilimwe zili bwino, koma kuyambira Januwale mpaka Malichi dothi limayamwa chinyontho n'kupatsira tiyi. Ameneyu amafuna chinyontho cha pakati pa 60 ndi 70 peresenti, ndipo ndi kutentha kwathu kuno chikapitirira pamenepo chuku sichichedwa. Miyezi imeneyo, mayi, chimbale chikhale m'pepala lake, mu pulasitiki yotseka bwino, m'katoni, pamwamba, osakhudza khoma. Mufiriji ayi, pochitulutsa chimachita thukuta. Ndipo amakoka fungo lililonse, choncho asakhale chipinda chimodzi ndi usipa wouma, sopo, palafini kapena utsi wa mbaula.