Chinamugwetsa Anakin Skywalker n'chiyani kwenikweni?

Moni nonse okonda mafilimu muno. Ndithandizeni pa filimu ya Star Wars ya mu 2005, Revenge of the Sith, ya George Lucas. Pali malo amodzi pomwe mutu wanga waima.

Ndikumvetsa kuti Anakin, mmodzi wa asilikali oteteza mtendere otchedwa Jedi, analota mkazi wake Padmé akumwalira pobereka, ndipo Palpatine, mtsogoleri wa boma yemwe mwachinsinsi anali wa mbali ya mdima, anamunyengerera kuti mphamvu za mdima zikhoza kumupulumutsa. Ndikumvetsanso kuwawidwa mtima kwake atamulowetsa m'bwalo la akuluakulu a Jedi koma n'kumumana udindo wa Master. Koma kuchoka pomwe akudula dzanja la Mace Windu, mmodzi wa akuluakulu a Jedi, n'kumadzifunsa kuti wachita chiyani, mpaka kukayatsa lupanga lake la kuwala pamaso pa tiana tophunzira za Jedi tomwe tinathamangira kwa iye kuti atiteteze, ine ndikuona kuti kusintha kwake kukhala woipa kwachitika mofulumira kwambiri. Zimandipweteka ndithu, chifukwa mnyamatayu ndinamukonda.

Ndinabwereza Attack of the Clones ya 2002, pomwe mayi ake Shmi anamwalirira m'manja mwake, iye n'kupha onse a pamsasa wa a Tusken, fuko lomwe linagwira mayi akewo, akazi ndi ana omwe. Zinandithandiza pang'ono chabe. Ndinaoneranso nditayatsa mawu olembedwa pansi kuti Chingerezi chisandidutse. Anzanga kuno ku Zomba ndikawafunsa amangotamanda ndewu ya pa dziko la Mustafar, ya kumapeto kwa Revenge of the Sith, basi.

Tsono makatuni a The Clone Wars, omwe anayamba mu 2008, ali ndi masizoni 7, ndipo bandulo yoti ndionere onse ndilibe. Inu amene munawaonera, kodi amaonetsa mmene Anakin anatayira chikhulupiriro mwa a Jedi? Ngati ndi choncho, ndiyambire sizoni iti?