Kodi mankhwala a dazi ndingawapeze bwanji m'njira yoyenera, osadukizadukiza?

Akuluakulu nonse a pagulu pano, makamaka inu ogwira ntchito zachipatala ndi inu amene munayamba kale kumwa mankhwala amenewa, ndikupempha nzeru zanu. Ndine bambo wa zaka za m'ma 30, ndipo tsitsi langa likuthothoka m'mbali mwa mphumi ndi paliwombo, monga mmene linathera la bambo anga ndi la amalume anga. Adokotala amene anandiona anayamba afufuza ngati ndili ndi chipere, kuchepa kwa magazi kapena vuto la chithokomiro, ndipo atapeza kuti zonsezi palibe, anandiuza kuti limeneli ndi dazi lakumtundu, limene iwo amalitcha androgenetic alopecia. Nditafunsa za mankhwala, anandiyankha kuti dazi si matenda, ndingometa mpala. Pa zondiyeza anachita mosamala ndipo ndikuwathokoza, koma yankho lomalizali silinandikhutiritse, chifukwa mankhwala ovomerezeka alipo.

Amene amatchulidwa kwambiri ndi awiri. Oyamba ndi minoxidil wopaka, amene poyamba anali mapiritsi a matenda othamanga magazi, mpaka madokotala anaona kuti odwala ena akumera tsitsi lambiri, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linavomereza wopaka m'mutu mu 1988. Ameneyu m'mayiko ambiri amagulidwa popanda kalata ya dokotala. Achiwiri, amene ndi gwero la funso langa, ndi finasteride. Mapiritsi a 5 mg anavomerezedwa mu 1992 kuti azithandiza abambo otupa prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo), ndipo a 1 mg, othandiza pa dazi, anavomerezedwa mu 1997. Ntchito yake ndi kuchepetsa homoni ya DHT, imene imafooketsa mizu ya tsitsi pang'onopang'ono mpaka tsitsi limatuluka lopyapyala ndi lalifupi, kenako n'kulekeratu.

Chimene chikundivuta si kupeza botolo loyamba ayi. Mankhwala amenewa amatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti munthu ayambe kuona kusintha, ndipo ukangosiya, tsitsi limene unapulumutsa limathothokanso chisanathe chaka. Ndiye kuti amene wayamba afunika dokotala womulembera kalata mobwerezabwereza, komanso famase yodalirika imene mankhwalawo sasowa. Kuyamba lero n'kudukiza mawa ndi kuwononga ndalama chabe, kwinaku ukusokoneza thupi popanda phindu.

Ku famase imene ndinafunsako anandiuza kuti amasunga a 5 mg okha, chifukwa ndi amene amafunidwa ndi odwala prostate, ndipo wogulitsa wina anandinong'oneza kuti anthu ambiri amangogula amenewo n'kumadula piritsi limodzi panayi. Apa ndi pamene ndikuchita mantha, pakuti akazi anga ndi oyembekezera, ndipo malangizo a mankhwalawa amanena momveka kuti mayi woyembekezera asakhudze piritsi losweka kapena lophwanyidwa, chifukwa lingasokoneze kakulidwe ka ziwalo zobisika za mwana wamwamuna ali m'mimba. Piritsi lathunthu lili ndi chikutiro chake chomwe chimateteza, koma lodula limasiya ufa pampeni ndi patebulo. Kodi pali madokotala amene amavomerezadi kudula kumeneku, kapena ndi bwino kupempha a famase kuti aitanitse a 1 mg, ngakhale zitatenga nthawi? Nanga kodi dokotala wamba ali ndi ufulu wolemba kalata imeneyi, kapena ndiyenera kufunafuna katswiri wa matenda a pakhungu?

Za kugula pa intaneti ndaziganizira, koma mtima wanga sukufuna. Masamba amene amagulitsa osafunsa kalata kapena mbiri ya thanzi lako sangakutsimikizire zimene zili m'kati mwa piritsilo, ndipo ukadwala palibe wokamufunsa. Chinanso n'chakuti mankhwalawa ali ndi zovuta zimene ndikufuna kukambirana ndi munthu maso ndi maso. Abambo ena ochepa amadandaula kuti chilakolako ndi mphamvu zakuchipinda zimachepa, ndipo mu 2025 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, la European Medicines Agency, linatsimikiza kuti maganizo ofuna kudzipha ndi limodzi mwa mavuto amene angabwere ndi mapiritsi a finasteride. Amachepetsanso pafupifupi ndi theka zotsatira za kuyeza magazi kwa PSA, kumene madokotala amagwiritsa ntchito pofufuza khansa ya prostate, choncho zikuyenera kulembedwa m'buku langa lakuchipatala kuti ndikumwa, kuti woyeza m'tsogolo asadzanamizike.

Kuwonjezera, nditawerenga mayankho anu: Zikomo kwambiri nonse, ndi inu amene mwandilimbitsa mtima kuti dazi silichotsa ulemu wa munthu. Ndikuvomereza, koma ndikuonabe kuti munthu ali ndi ufulu wosankha chithandizo akadziwa ubwino ndi kuipa kwake. Achimwene amene mwati ndiyese mapiritsi a minoxidil a mlingo wochepa, ndamva, koma amenewonso amafuna kalata, pakuti angathe kutupitsa mapazi, kuthamangitsa mtima ndi kumeretsa tsitsi m'malo ena a thupi. Amayi amene mwatchula dutasteride, mankhwala enanso ochepetsa DHT, n'zoona kuti anavomerezedwa pa dazi ku South Korea ndi ku Japan, koma m'mayiko ambiri dokotala amachita kulemba mwa chiweruzo chake, ndiye kwa ine njira imeneyo ndi yotalikirapo. Pakadali pano ndiyamba ndi minoxidil wopaka wa 5%, podziwa kuti m'masabata oyamba tsitsi lingathothoke kwambiri lisanayambe kumera, ndipo za finasteride ndikaonana ndi dokotala wina. Inu amene mwati mumagwira ntchito ku famase, chonde ndiuzeni zimene kalatayo iyenera kukhala nazo kuti ndizitha kutenga mankhwala a miyezi ingapo popanda kubwerera kwa dokotala mwezi uliwonse, komanso mmene ndingadziwire kuti mapiritsi amene mwaitanitsa ndi olembetsedwa ndi bungwe loona za mankhwala.