Zimene ndapeza pa funso la boost ndi gasiketi ya hedi

Masabata apitawa ndinafunsa kuti boost ya turbo (mphamvu ya mpweya umene turbo imakankhira m'injini) ingakwezedwe mpaka pati pa pikapu ya dizilo popanda kuwononga gasiketi ya hedi (chotsekera mpata wa pakati pa thupi la injini ndi hedi, chivundikiro cha masilinda), ndipo lero ndabwera ndi zimene ndapeza nditatsegulitsa injini yanga.

Funso langa linaphonya pang'ono, popeza chimene chimaphulitsa gasiketi si nambala ya pa geji ya boost yokha, koma mphamvu ya kuyaka kwa mafuta mkati mwa silinda, imene imakwera kwambiri mafuta akawonjezeredwa ndiponso akamapoperedwa nthawi yake isanakwane. Mphamvu imeneyi imanyamula hedi pang'ono, mabawuti n'kutanuka, mpweya woyaka n'kulowa m'njira za madzi oziziritsa injini. N'chifukwa chake madzi ankasefukira m'botolo ndikamakwera chitunda ndi katundu wolemera, ngakhale kuti injini siinkatentha mopitirira muyeso.

Makaniko anapala hedi, anaika gasiketi yatsopano, ndiponso ma stud (mabawuti opanda mutu, omangidwa ndi manati) m'malo mwa mabawuti akale, amene sayenera kumangidwanso akatanuka. Boost ndaibwezera pa mlingo wa kufakitale, ndipo tsopano ndimayang'anitsitsa geji ya kutentha kwa utsi. Inu amene mukuyerekeza manambala a boost, kumbukirani kuti pa miyeso ya mphamvu ya mpweya, bar 1 ndi pafupifupi psi 14.5.