Papepala onse akhoza, koma mumphika muli nkhani ina

NaTembo, woyang'anira kantini, Chipata:
Anzanga a m'makhitchini, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira kantini ya pa kampani ina kuno ku Chipata. Timaphikira anthu 120 nkhomaliro tsiku lililonse ndipo ophika ndili nawo asanu. Mwezi watha anesi atabwera kudzayeza antchito anapeza kuti ambiri BP yakwera, ndiye mabwana andituma kuti ndifufuze ngati ophika anga akudziwa za kaphikidwe kopatsa thanzi. Ndinalemba mafunso khumi papepala. Mchere wambiri ndi wabwino? Onse anati ayi. Masamba azikhalitsa pamoto? Ayi. Saladi, mafuta ophikira aja, wokazingira kangapo ndi wabwino? Ayi. Onse asanu anakhoza, ine mtima m'malo. Koma Lachiwiri ndalowa m'khitchini cha m'ma 10 koloko, ndapeza repu ali pamoto kuyambira 8, wada bii ngati fodya. Nanga mu lipoti ndilembe kuti chiyani, amadziwa kapena sadziwa?

aZulu, sitolo ya chakudya pa sukulu yogonera konko, Katete:
Amai, pepalalo lisungeni, koma musadalire. Funso loti yankho lake ndi eya kapena ayi ngakhale mwana wa giredi 4 akhoza. Inu pitani ku buku la sitolo. Mchere umatuluka mapaketi angati pa sabata? Chigubu cha saladi cha malita 20 chimatha masiku angati? Soda ndi tima cube tokometsera ndiwo tija, amagula ndani, kangati? Mukapeza manambala mugawe ndi mbale zomwe mumapakula. Ine ndinachita zimenezi kuno ndipo ndinachita manyazi ndekha, popeza wosaina potulutsa katunduyo ndi ine ndemwe.

NaTembo:
Ndangotsegula bukulo. Mchere ndi paketi imodzi ya magalamu 500 pa tsiku. Saladi malita 20 amatha masiku asanu. Ma cube sali m'buku, amagula ndi ndalama ya tomato.

aZulu:
Ndiye onani. 500 kugawa ndi 120 ndi magalamu 4 ndi kakang'ono pa mbale imodzi. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 tsiku lonse, kutanthauza kasupuni ka tiyi kamodzi, osadzazanso. Munthu wanu wangodya nkhomaliro yokha, watsala pang'ono kumaliza gawo la tsiku, madzulo kunyumba kukumudikira kapenta. Inde mchere wina umatsalira mu msuzi wa m'mapoto, koma ma cube osalembedwawo abwezeretsa, poti namonso muli mchere. Saladi ndi malita 4 pa tsiku, ndiye masupuni aakulu awiri ndi kupitirira pa mbale.

Mai a Dalitso, wophika, Kapata:
Pepani akuluakulu, ndilankhuleko ine amene ndimagwira mthiko. Mukukamba ngati ophikafe ndife osamva. Kodi munaimapo pa windo popakula? Ukachepetsa mchere, bambo wa tayi amabweza mbale, amvekere lero mwaphikira odwala? Ukachepetsa saladi akuti kantini yayamba kuba mafuta. Wonyozedwa pamaso pa anthu ndi wophika, si kapitao. Za repu wa 8 koloko, amai NaTembo, mwawafunsa chifukwa? Ine ndikuuzeni osawaona n'komwe. Malaiti akathima mumatsala ndi mbaula ziwiri kapena zitatu. Nsima ya anthu 120 imafuna moto wonse kuyambira 11. Ndiye masamba umaphikiratu m'mawa n'kuwakankhira pambali pa moto kuti asazizire. Nyemba nazonso timathira soda kuti zifewe msanga, apo ayi makala a sabata atha Lachitatu.

NaTembo:
Mai a Dalitso mwandilasa. Sindinawafunse, ndinangokalipa. Mbaula tili nazo zitatu ndendende.

NaPhiri, wa za kadyedwe pa chipatala china, Petauke:
Zimene anena Mai a Dalitso ndiye lipoti lanu, amai. Anthu akudziwa, chowapinga ndi moto, nthawi ndi pakamwa pa odya. Ndiwonjezereko za soda. Imafewetsa inde, koma imawononga vitamini C wa m'masamba ndi vitamini B1 wa m'nyemba. Nyemba muziviike madzulo pochoka, m'mawa mutaye madziwo n'kuthira ena, zimapsa msanga popanda soda. Masamba aduleni mutatsuka kale, osati kudula kenako n'kuviika m'beseni, chifukwa zabwino zake zimatsalira m'madzimo. Repu, chibwabwa kapena bondwe wanthete mphindi khumi zakwana, madzi pang'ono, chivundikiro pamwamba. Ndipo chakudya chophika chikangokhala chofunda chabe kupitirira maola awiri, tizilombo timaswana. Chikafuna kudikira, chidikire chili chotentha kupitirira madigiri 60. Tonse tikukumbuka kolera ya kumayambiriro kwa 2024 mpaka masukulu anachedwa kutsegulidwa, za ukhondo si zoseweretsa.

Mai a Dalitso:
Za nyemba ndavomera, ndimaviikanso ine ndikakumbukira. Koma delele lopanda soda si delele, amai. Limenelo musatilande.

NaPhiri:
Sindikulandani, nanenso ndine wakuno! Kansonga ka supuni basi, osati dzanja lonse mpaka delele kumawawa pakhosi. Ndipo lisakhale ndiwo zamasamba za tsiku lililonse.

Amai NaTembo, mukafuna cholembapo chovomerezeka, boma linatulutsa malangizo a kadyedwe a dziko lathu la Zambia mu 2021 kudzera ku unduna wa zaulimi mothandizana ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ndipo amagawa zakudya m'magulu 6. Tengani menyu yanu ya sabata muone magulu amene sakuonekamo. Ndikhulupirira ndi zipatso ndi mkaka. M'makantini ambiri nthochi imaoneka tsiku lobwera alendo lokha, chonsecho ku msika wa Saturday Market konko ku Chipata zili mbwee.

aBanda, wophika wakale wa mu hotela, Lundazi:
Ana anga, mayeso a wophika ndi mphika. Ine ndikafuna kudziwa munthu ndinkamupatsa mtolo wa chibwabwa, tomato awiri, anyezi ndi nsawa, ine n'kukhala pa mpando osalankhula. Umaona zonse: ngati wasamba m'manja, ngati mpeni wodulira nkhuku waupukuta pa epuloni n'kudulira masamba, ngati mchere wauyeza kapena wangotapa. Nsawa ndiye zinkandiuza zambiri. Wodziwa amazithira m'lichero n'kuyamba kusankha, zofota, zakuda ndi za chuku kutaya, chifukwa chuku cha nsawa chili ndi poizoni wowononga chiwindi ndipo kuphika sikumuchotsa. Waulesi amasinja zonse. Ndipo taonani, ndiwo zotendera sizifuna saladi ngakhale dontho, mafuta ali mu nsinjiro momwemo. Kuno kum'mawa nsawa timalima tokha, koma timakathera ndalama pa zigubu. Ikani zotendera kawiri pa sabata muone chigubu chija ngati chithenso masiku asanu.

Za mchere musachotse kamodzi, mudzayambitsa nkhondo. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera. Onjezerani tomato, anyezi ndi adyo. Botolo la mchere lichoke pa matebulo, likhale pa windo, wofuna adzuke akatenge yekha.

aZulu:
Atate aBanda, nanga ufa? Ine ndinayesa kuika ufa wa roller m'malo mwa ufa woyera wa breakfast poti wa roller uli ndi gaga, ana anatsala pang'ono kundithamangitsa.

aBanda:
Umenewo ndi mlandu wina, mwana wanga. Yambani ndi ndiwo.

NaTembo:
Ndabweranso patatha masabata atatu. Ndinakhala nawo pansi onse asanu, ndinapepesa za kukalipa kuja. Mu lipoti ndinaika zinthu zitatu: zotsatira za pepala, manambala a m'sitolo, ndi zomwe ndinaona nditakhala m'khitchini masiku awiri monga ananenera aBanda. Ndinalembanso kuti vuto lalikulu ndi moto, ndipo mabwana agula mbaula yachinayi ya masamba okha. Tsopano repu amalowa pamoto 11:30, amafika pa mbale ali wobiriwira. Nyemba tikuviika. Mchere tikuyeza ndi kakapu, tatsika kufika magalamu 400 pa tsiku ndipo wodandaula ndi mmodzi yekha, yemwe amadandaulanso za nyengo. Ma cube alowa m'buku. Saladi akutha masiku asanu ndi awiri. Chandikanika ndi mafuta okazingira nkhuku Lachisanu, ophika akukana kutaya, akuti ndi chuma. Inu mumataya akafika pati?

Mai a Dalitso:
Akada, akayamba thovu, kapena akamafuka utsi poto asanatenthe kwenikweni, atha ntchito. Muziwasefa pa kansalu koyera akazizira, ndipo musamasakanize ndi atsopano. Koma kutayako mukatayire limodzi muli pompo, mukangowauza pakamwa mudzawapeza mu kabichi Lolemba.